Momwe mungayambitsire phala pasukulu ya pulaimale osadikira bungwe

Anthu angapo akhala akundifunsa pa WhatsApp kuti kodi inu phala lija munaliyamba bwanji pasukulu panu pomwe palibe bungwe likukuthandizani, nde ndaona kuti bola ndingolemba kamodzi pano aliyense aziwerenga yekha. Ine ndine mlembi wa komiti ya sukulu, kasukulu kathu ndi kakang'ono kuno ku Mchinji, ana pafupifupi 300 kuyambira sitandade 1 mpaka 8, ochokera m'midzi inayi. Mary's Meals inayamba kudyetsa ana kuno ku Malawi mu 2002 ndipo ikuphikira masukulu ambiri, WFP, bungwe la UN loona za chakudya, nayonso ili ndi masukulu ake, koma masukulu m'dziko muno ndi ochuluka sangafike ponse, ife tinaona kuti tingoyamba tokha.

Chomwe chinatikakamiza ndi kaundula wa temu yachiwiri. Sukulu ikamatsegulira mu Seputembala makalasi amadzaza tho, koma ikafika Januwale ndi Febuluwale nthawi ya njala ija ahedi amationetsa kaundula mizere yambiri ilibe chizindikiro, ena apita ku ganyu ndi makolo, ena abwera ndithu koma ikangokwana 9 koloko mitu ili pa mawondo akuwodzera.

Choyamba pitani kwa mafumu, osati kwa makolo. Ahedi, wapampando wa komiti, wa PTA (komiti ya makolo ndi aphunzitsi) ndi amayi awiri a mother group mupite limodzi kwa agulupu, iwo ndi amene aitanitse msonkhano, mukauitanitsa nokha mubwera anthu 15 ndipo ndi omwe aja amabwera nthawi zonse. APEA, alangizi a maphunzi­ro oyang'anira masukulu a m'zoni yanu, muwadziwitsenso ku ofesi yawo ku TDC asadzangomva mphekesera. Msonkhanowu uchitike mu Marichi chimanga chili pafupi kukololedwa, mukakapempha chimanga mu Disembala mungotukwanidwa basi.

Kenako masamu, ndipo muwalembe pa bolodi anthu aone okha. Ife timaika magalamu 80 a ufa pa mwana mmodzi, ana 300 ndi makilo 24 pa tsiku, kutanthauza kuti thumba la makilo 50 limatha masiku awiri. Pa sabata matumba awiri ndi theka, pa masabata 12 matumba 30. Kasakanizidwe kake ndi ka Likuni Phala komweko, miyezo inayi ya chimanga ndi umodzi wa soya, nde pa matumba 30 aja 24 ndi chimanga, 6 ndi soya. Mabanja a ana athu alipo ngati 150, tinagwirizana theka la ndowa pa banja, ndowa zitatu ndi thumba mukudziwa kale, zinakwana matumba 25 pa pepala koma amene anafika ndi 21 chifukwa pali ena amalonjeza mokweza pamsonkhano kenako osaonekanso. Amfumu anawonjezera kuchokera ku munda wa m'mudzi. Musalimbane ndi chaka chonse poyamba, yambani ndi temu yachiwiri yokha.

Polandira chimanga muikepo amayi amene sachita manyazi. Chowola, chofiirira, cha chuku, chibwerere komwe chachokera, chuku ndi poizoni weniweni amaononga chiwindi ndipo kuphika sikumupha. Anthu ena amaona ngati sukulu ndi kotayirako mphale za pansi pa nkhokwe. Chabwinocho muyanike pamphasa masiku awiri atatu, musunge m'matumba a PICS aja okhala ndi mapulasitiki awiri mkati, anankafumbwe amafera momwemo osafunika Actellic. Chenjerani pali matumba ena pamsika amangofanana nawo pulasitiki yake ndi yopyapyala ngati jumbo, ife tinagula asanu otero anabooka sabata yomweyo. Matumba akhale pa matabwa osati pansi, chitseko chikhale ndi maloko awiri, kiyi imodzi ahedi ina msungichuma wa komiti, izi sikuti mukuganizira munthu ayi koma kuti pasadzakhale zolozana zala.

Tsopano soya, apa mpamene ife tinagwa nayo ndipo ndikufuna muwerenge modekha.

Soya sitinasonkhe, tinagula ndi ndalama za PTA, ndipo tinachedwa mpaka Novembala pomwe mtengo unali utakwera kale kutali ndi wa nthawi yokolola. Gulani mu Epulo kapena Meyi kwa alimi a m'mudzi mwanu omwe mukuwadziwa nkhope. Ife tinapita kwa venda wina pamsika amene ankagulitsa motsikirako, munthu wokoma pakamwa, atitcha mabwana, atithandiza kukweza pa ngolo. Titafika pasukulu kutsanula, pansi pa thumba lililonse panali mchenga ndi timiyala tochuluka, komanso soya yake inali yofewa, zikuoneka kuti anaiwaza madzi kuti ilemere. Titayeza pa sikelo ya kalabu ya alimi thumba lililonse linali loperewera makilo angapo. Nde tengani sikelo yanu pokagula, pisani dzanja mpaka pansi, ndipo lumani njere zingapo, soya youma bwino imalimba pa mano nkusweka, ikamangophwanyika ngati nyemba zonyika isiyeni.

Koma vuto lalikulu silinali la venda, linali lathu. Soya imayenera kukazingidwa isanapite kuchigayo, yaiwisi ili ndi zinthu zomwe zimalepheretsa m'mimba kugaya bwino zomanga thupi ndipo moto ndi umene umazithetsa, komanso ndi umene umachotsa kafungo ka nyemba zaziwisi kaja. Izi tinkazidziwa. Chomwe tinalakwitsa ndi changu, tinafuna kumaliza matumba onse tsiku limodzi Loweruka sukulu isanatsegulire, nde amayi anathira soya yambiri nthawi imodzi m'chiwaya chachikulu moto uli lawilawi, zapansi zinapserera zapamwamba zili zaziwisi, tikayang'ana timaona zakuda apa ndi apo nkumati zapsa. Kenako cholakwa chachiwiri, tinagayitsa ufa wa mwezi wathunthu kamodzi pofuna kusunga ndalama ya ngolo. Soya ili ndi mafuta ambiri, ikagayidwa nkuikidwa m'chipinda cha malata kotentha komanso nthawi ya mvula chinyezi chili paliponse, ufa umayamba kununkha ndi kuwawa.

Sabata yoyamba zinayenda, ana ankangoti phala lili ndi kafungo. Sabata yachitatu ana a sitandade 1 anayamba kudandaula m'mimba, ena kutupa ndi mpweya ena kutsekula, makapu ankabwerera ndi phala lokhalokha, agalu a m'mudzi ndi amene ananenepa. Ndipo mukudziwa mmene nkhani zimayendera kumudzi, pofika Lachinayi zinali zitamveka kuti m'phala mwathiridwa mankhwala olera. Mayi wina anandipeza pamjigo nkundifunsa kuti a mlembi, inuyo ana anu akudya nawo phala limeneli? Ine mwana wanga ali sitandade 5 ankadya tsiku lililonse, koma panthawi imeneyo palibe ankafuna kumva. Lolemba lotsatira tinaphika mapoto awiri ana amene anaima pamzere sanakwane 60.

Tinaimika kaye sabata imodzi. Ufa wotsala matumba atatu tinapereka kwa woweta nkhumba, mtima unawawa zedi. Tinaitana alangizi a zaumoyo a m'dera lathu anafotokozera makolo za soya, ndipo tsiku loyambiranso agulupu anabwera ndi kapu yawo nkumwa phala pamaso pa aliyense, mpamene nkhani ya mankhwala ija inazilala.

Pano timachita chonchi. Soya tipete ndi lichero, tichotse miyala ndi zowola, tiyanike tsiku limodzi. Kukazinga ndi pang'onopang'ono, muyezo woti ungoyala pansi pa chiwaya osaunjikana, moto wa makala a nkhuni osati malawi, mthiko osaima. Yapsa ikafiirira ngati mtedza wokazinga ndipo fungo lake likhalenso ngati la mtedza, muswe njere zingapo muone mkati, ngati mkati mukadali moyera mwachikasu sinapse. Amayi anayi ndi ziwaya zinayi amamaliza thumba m'mawa umodzi akucheza. Ikazizira tiikonole pang'ono mumtondo makoko achoke, tipetenso, kenako tisakanize ndi chimanga tisanapite kuchigayo kuti zigayikire limodzi. Ufa ukhale mgaiwa, musakonole chimanga, mukachotsa gaga mwachotsa zabwino zomwe ndipo ufa umachepa. Ndipo timagayitsa wa sabata imodzi yokha, ikachuluka ziwiri. Kuchigayo pitani awiri, yezani popita yezaninso pobwera, pali ena amasiya ufa wambiri mkati mwa makina kuti akapukute madzulo. Kambiranani mtengo wa temu yonse ndi mwini chigayo osati ndi mnyamata wogayitsa, ife anatichotsera pang'ono atamva kuti ndi za ana.

Zophika sindichulukitsa, amayi akudziwa. Mapoto akulu tinabwereka kutchalitchi mpaka tinagula athu, musadule diramu yomwe simukudziwa kuti munali chani. Midzi inayi ija imasinthana sabata sabata, amayi asanu patsiku, moto uyake 5 koloko kuti pofika 7 ana akhale atamwa, phala libwate mokwanira osati kungotentha. Mchere wa ayodini pang'ono. Shuga ndi amene amadya ndalama, ife timathira Lolemba ndi Lachisanu basi, masiku enawo ana anazolowera. Nkhuni mwana aliyense wa sitandade 5 kupita m'mwamba amabweretsa imodzi Lolemba, ndipo mukamanga mbaula ya njerwa m'malo mwa mafuwa nkhuni zomwezo zimakwana sabata.

Kusamba m'manja musanyozere, tonse tikukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023 mpaka masukulu a ku Lilongwe ndi Blantyre anachedwa kutsegulira mu Januwale 2023. Ndowa ziwiri za mpopi, sopo, kolorini mupemphe kwa alangizi a zaumoyo. Ang'onoang'ono ayambe kulandira apo ayi amakankhidwa. Lembani m'kope makilo otuluka tsiku lililonse ndipo muziwerenga pa msonkhano wa PTA. Makapu aliyense abwere ndi yake, alembe chizindikiro kunsi ndi msomali wotentha, ife sabata yoyamba aphunzitsi anataya piriyodi yonse akuweruza milandu ya makapu obiriwira ofanana.