Momwe mungasankhire chovala chokukhalani, kaya pa kaunjika kapena kwa atelala

Belo la kaunjika akangolidula pa Lizulu, palibe amene amakumbuka za chiuno chake. Manja amangothamangira mtundu umene wawala, wina wagwira mkono wa bulauzi uku wina wagwira kolala, wogulitsa naye ali pakalapakala kukuuzani kuti yakukhalani mayi, pomwe sanakuyang'aneni n'komwe. Zoona zake mumakazimva kunyumba, pagalasi. Ineyo m'sutikesi mwanga muli madiresi atatu okongola amene sanaonepo dzuwa. Lina limakana kudutsa m'mbina, lina limayasama pachifuwa, lachitatu ndikavala ndimaoneka ngati thumba la kachewere lomangidwa pakamwa.

Zimene ndikulemba pano ndinazitola kwa azakhali anga, omwe akhala akusoka pakhonde la sitolo ku Dedza boma kuyambira ndili mwana. Lamulo lawo ndi limodzi: chovala chigulidwe potengera pamene thupi lanu lakula kwambiri, kwinako telala achepetse. Nsalu yotsala amaidula, koma yoperewera palibe makina amene angaimeretse.

Yambani ndi tepi

Tepi ya atelala imapezeka m'masitolo ogulitsa ulusi ndi mabatani, ndipo mbali ina imakhala ya mainchi, ina ya masentimita. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Atelala ambiri kuno amawerenga mainchi, choncho inunso tsatirani zomwezo kuti muzimvana. Ngati tepi palibe, dziyezeni ndi chingwe, mumange mfundo pamene chakumana, kenako muchiyale pa rula ya mwana wasukulu.

Vulani juzi ndi chitenje, mutsale ndi chovala chopyapyala komanso bra imene mumavala masiku onse. Yezani malo atatu. Pachifuwa, tepi idutse pamene mabere atukuka kwambiri. M'chiuno, idutse pamene thupi limapindika mukapendekera kumbali, nthawi zambiri pamwamba pang'ono pa mchombo, osati pamene mumamangira chitenje. M'mbina, idutse pamene matako ndi ntchafu zakula kwambiri, miyendo ili pamodzi. Musakoke mimba. Ambiri timanamiza tepi, kenako n'kumadabwa kuti zipi yaphulika titangodya nsima ya paukwati.

Pemphani wina akuyezeninso kumbuyo, kuchokera pa nsonga ya phewa lina kufika pa linzake, ndi kuchokera m'chiuno kutsika mpaka pamene mumafuna siketi izilekezera. Manambalawa alembeni m'foni. Mukabereka kapena mukaona kuti zovala zayamba kuthina, yezaninso.

Manambala aja akuuzani thupi lanu

Ngati mbina yaposa chifuwa ndi mainchi angapo, ndinu wodzaza m'munsi. Ngati chifuwa ndi mapewa ndiye zaposa, ndinu wodzaza m'mwamba. Chifuwa ndi mbina zikafanana pomwe chiuno chalowa kwambiri, ndinu wa chiuno cha mavu. Manambala onse atatu akayandikana, thupi lanu ndi lowongoka. Chiuno chikafanana ndi mbina kapena kuiposa, kulemera kwanu kuli pamimba. Palibe thupi lolakwika pamenepa, ndipo ambiri amagwera pakati pa mitundu iwiri. Cholinga n'choti mudziwe pamene nsalu ifunika kupatsidwa malo.

Ndiyambe ndi odzaza m'munsi chifukwa ndife ambiri, komanso ndife amene kaunjika amativuta. Zovala zambiri za m'belo zinasokedwera anthu a mbina yocheperapo, n'chifukwa chake buluku likakwana m'matako limasiya chiphanga kumsana, ndipo likakwana m'chiuno limakanirira m'ntchafu. Tengani limene lakwana m'matako ndi m'ntchafu, telala akatsine kumbuyo kwa chiuno. Ndi ntchito yaing'ono. Siketi yabwino kwa inu ndi yogwira m'chiuno n'kumatambasuka pang'onopang'ono potsika, kapena ya mapisi angapo yomwe imatsata mbina kenako n'kumasuka m'mawondo. Yamakwinya ambiri oyambira m'chiuno momwe imawonjezera pamene pali kale pokwanira, makamaka ikakhala ya chitenje chatsopano chomwe chikadali gwa. Matumba a m'mbali amene amayasama mukaimirira ndi chizindikiro choti chovalacho chachepa, musalimbane nacho. Bulauzi isalekezere pamene mbina yakula kwambiri, chifukwa diso la munthu limaima pamene nsalu yathera. Ilekezere pamwamba pake, kapena muipisire m'siketi. Ndipo ngati mumakonda maluwa akuluakulu, manja otukuka ndi kolala yotambalala, malo ake ndi m'mwambamu.

Apa ndinene maganizo anga. Malangizo ambiri a pa intaneti amalembedwa ngati mbina ndi chinthu chobisa. Kwathu kuno sitinaionepo choncho. Chimene tikupewa ndi nsalu yokokeka mpaka msoko kuonetsa ulusi, basi.

Odzaza m'mwamba, vuto lanu lalikulu ndi mabatani. Bulauzi ikamayasama pakati pa batani ndi batani, yachepa, ndipo pini si mankhwala. Gulani yokwana pachifuwa, telala akachepetse m'mbali. Khosi lotsika ngati chilembo cha V limapeputsa chifuwa, pomwe kolala yotseka mpaka pakhosi imachiunjika pamodzi. Majekete a m'belo okhala ndi timapilo m'mapewa, tichotseni ndi lezala, mapewa anu ndi okwana kale. M'munsi ndi momwe mungasewere: siketi yotambalala, yamakwinya, ya mtundu wowala. Koma musanagule bulauzi ina iliyonse, yambani mwakonza nkhani ya bra. Yolobodoka imatsitsa mabere kufika pamene payenera kuoneka chiuno, ndiye chovala chilichonse chimaoneka cholakwika.

A chiuno cha mavu, nkhani yanu ndi yaifupi. Chovala chisonyeze pamene pali chiuno, kaya ndi lamba kaya ndi kasokedwe. Diresi longogwa kuchokera pachifuwa limakuonjezerani thupi lomwe mulibe.

A thupi lowongoka, makamaka ochepa thupi, zimene ena akuzithawa ndi zanu: makwinya, bulauzi ya kansalu kotambalala m'chiuno, nsalu yokhuthala, mizere yopingasa. Chokhacho musamire m'chovala. Chachikulu kwambiri chimangoonetsa kuti mwabwereka.

Amene kulemera kuli pamimba, kuphatikizapo amayi amene angobereka kumene, pewani lamba wothina pakati pa mimba ndi nsalu zonyezimira zomata thupi. Diresi logwira m'munsi mwa mabere n'kumasuka potsika limakhala bwino, chimodzimodzi bulauzi yodutsa mimba yonse yovalira siketi yowongoka. Nthawi zambiri anthu a thupi ili amakhala ndi miyendo youmbika bwino, choncho siketi yolekezera m'munsi pang'ono mwa mawondo imawakhala. Woyamwitsa aonetsetse kuti chovala chikutseguka kutsogolo. Zipi ya kumsana ndi mwana wolira m'tchalitchi sizigwirizana.

Kutalika nako kuli ndi mbali yake. Munthu wamfupi akavala mtundu umodzi kuchokera m'mwamba mpaka m'munsi, monga chimakhalira chilundu cha chitenje cha mtundu umodzi, amaoneka wotalikirapo. Siketi yothera pakati pa katumba imamufupikitsa. Ilekezere m'mawondo kapena itsike mpaka m'akakolo.

Mukafika pa kaunjika

Nambala ya pa kolala musaikhulupirire. Belo limasakaniza zovala za mayiko osiyanasiyana, ndipo aliyense amawerenga mwake. Diresi limene ku UK amalemba 12, ku America nthawi zambiri amalemba 8, pomwe maiko ena a ku Ulaya amalemba 40. Pamwamba pa apo, chovalacho chinachapidwa kale kambirimbiri, mwina chinafupika kapena kutanuka. Tengani tepi yanu m'chikwama. Yalani chovala, muyeze kuchokera kukhwapa lina kufika ku linzake, muchulukitse kawiri, muyerekeze ndi nambala ya chifuwa chanu. Pa nsalu yosatanuka pakhale mainchi awiri kapena atatu opumira. M'mbina chitaninso chimodzimodzi.

Njira ija yozunguliza chiuno cha buluku m'khosi imathandiza pang'ono, koma imangonena za chiuno. Za matako ndi ntchafu siidziwa kanthu, ndiye kwa ife a mbina ndi imene imatigulitsa mabuluku osavalika.

Choyamba kuyang'ana pa jekete, shati kapena bulauzi ndi mapewa. Msoko wa phewa ukhale pa nsonga ya phewa lanu. Telala angafupikitse manja, angatsine m'mbali, angakweze mpendero, koma kukonza mapewa a jekete kumafuna kuiphwasula pafupifupi yonse, ndipo mtengo wake ungapose umene munagulira. Tembenuzani chovala muone ngati m'misoko munatsala nsalu yoti n'kukulitsira. Kwezani nsaluyo padzuwa muone ngati ikuonekera, kuti mudziwiretu ngati ifuna pitikoti. Kukhwapa, zipi ndi pakati pa miyendo ya buluku ndi pamene zovala zimayambira kutha.

Mukapita ndi chitenje kwa atelala

Chichapeni kaye musanachipereke. Nsalu ya thonje imafupika ikalowa m'madzi koyamba, ndipo ngati idasokedwa isanachapidwe, diresi lokwana lero lidzathina mawa. Pochapapo mudzaonanso ngati mtundu ukusuluka. Chitenje chimodzi chimakhala cha mamita 2. Chimenecho chimakwana siketi yowongoka kapena bulauzi, koma diresi lalitali lotambalala kapena chilundu chokhala ndi duku chimafuna ziwiri kapena zitatu. Kuumira nsalu ndi kumene kumachititsa telala kuba mainchi m'mbina.

Yang'anani maluwa ake muli chapatali. Zitenje zambiri zimakhala ndi zozungulira zikuluzikulu, ndipo telala wosasamala akhoza kuika chimodzi pamimba penipeni kapena ziwiri pamalo oti anthu azikusekani kumbuyo. Zinandichitikira pa chinkhoswe cha mng'ono wanga, ndipo ndinakhala tsiku lonse nditamanga chitenje china pamwamba. Gwirizanani nawo musanachoke kuti duwa lalikulu ligwere pati. Munthu wamfupi kapena wochepa thupi, maluwa ang'onoang'ono ndi amene samumeza.

Chithunzi cha pa Facebook kapena WhatsApp pitani nacho, koma funsani kuti, "Atelala, sitayilo imeneyi pa thupi langali ikhala?" Telala wabwino amakuuzani zoona ndi kusintha pofunika. Apempheni asiye nsalu yokwanira m'misoko, ndipo mukayeze chovalacho asanamalize. Izi n'zofunika kwambiri pa yunifolomu ya ukwati kapena ya kwaya. Nsalu ikhale imodzi, koma kukakamiza amayi khumi a matupi osiyana sitayilo imodzi n'kulakwira theka la gulu. Ndiponso musapereke nsalu kutatsala masiku atatu. Nyengo ya maukwati, Khirisimasi, kapena anthu akamakonzekera mwambo wa Angoni wa Umhlangano ku Nkolimbo, atelala amakhala atadzaziridwa, ndipo chosokedwa usiku ndi tochi chimaoneka.

Abambo nawo

Shati ya abambo imayezedwa ndi khosi, n'chifukwa chake pa kolala pamalembedwa 15, 16 kapena 17. Mukamanga batani la pamwamba, zala ziwiri zizilowa. Buluku limalembedwa mainchi a chiuno, monga 32 kapena 36. Bambo wa mimba asamange lamba pansi pa mimba n'kuisiya ikulendewera pamwamba. Agule buluku lokwana pamimba pomwepo, telala achepetse miyendo. Jekete isakokeke pa batani, manja ake alekezere pamfundo ya dzanja, tayi ifike pa chitsulo cha lamba. Wowonda apewe suti yomwe mapewa ake atuluka kunja ngati denga la khonde, ngakhale itatsika mtengo chotani.

Kuzizira kwa kuno

Dedza boma ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo mu June ndi July ku Bembeke kapena ku Tsangano munthu sutuluka m'mawa wopanda juzi. Apa ndi pamene kutchena konse kumathera, chifukwa timangounjika chilichonse. Zovala ziwiri kapena zitatu zopyapyala zimafunditsa bwino popanda kukusandutsani mtolo. Jekete muiyeze mutavala juzi mkati. Wodzaza m'munsi asankhe yolekezera m'chiuno kapena yaitali yodutsa mbina yonse, wodzaza m'mwamba apewe juzi yoluka mokhuthala ya kolala yokwera. Ndipo ngati ulendo ndi wotsikira ku Golomoti, Mtakataka kapena Bwanje, valani zoti mukhoza kuvula chimodzichimodzi, mkati mukhale cha thonje, chifukwa kumeneko nayiloni imamata thupi ndi thukuta.

Kuyeza komaliza

Galasi limakuonani mutaima, koma tsiku lanu simulithera chiimire. Musanalipire, kaya pa msika kaya kwa atelala, kwezani manja ngati mukutula mtolo pamutu, muone ngati mimba ikutuluka. Khalani pampando, muone pamene siketi yathawira. Gwadani monga mumachitira popereka moni kwa apongozi. Yerekezani kukhala pamphasa mutatambalala, ndiponso kukwera kabaza. Weramani, wina akuonereni kumbuyo, makamaka mnzanu amene saopa kukuuzani kuti ayi. Ngati mukukayeza diresi la ukwati, nyamulani nsapato zimene mudzavale tsikulo, kuti telala apinde mpendero inu mutazivala.