Mabatire otha: kasungidwe ndi katayidwe kake

Batire likasiya kuyatsa tochi sikuti latheratu. Mkati mumatsala mphamvu yokwanira kuyambitsa moto ngati nsonga zake ziwiri, + ndi −, zagundana ndi chitsulo. Choncho yambani ndi tepi: dulani kachidutswa ka tepi yamagetsi kapena selotepi, mumate nsongazo. Lovuta kwambiri ndi la 9V, chifukwa nsonga zonse zili mbali imodzi moyandikana, moti kiyi kapena ndalama yachitsulo ndi yokwanira kulitenthetsa. Timabatire tonga batani, monga CR2032, tikulungeni konsekonse.

Mukatero ikani m'chidebe chapulasitiki, osati chachitsulo, pamalo ouma ndi ozizira, pomwe ana safikira. Mwana akameza kabatire konga batani, kamawotcha kummero ngakhale m'maola 2 okha. Thamangirani naye kuchipatala, osamusanzitsa.

Mabatire a AA ndi AAA olembedwa kuti alkaline akakhalitsa amatulutsa zoyera ngati mchere. Zimenezo zimachokera ku mankhwala a m'batiremo otchedwa potassium hydroxide, ndipo zimawotcha khungu ndi maso. Valani magolovesi, munyowetse thonje ndi viniga kapena madzi a mandimu, mupukute m'chipangizo chomwe munali batirelo, chiume.

Pofunika kusamala zedi ndi pa lithium-ion, mabatire a foni, laputopu ndi power bank. Mkati mwake mbali ziwiri, ya + ndi ya −, zimalekanitsidwa ndi kapepala kapulasitiki kopyapyala kwambiri. Kakang'ambika chifukwa chobooledwa, kupindidwa kapena kuphwanyidwa, batire limatentha lokha mpaka kuyaka, ndipo moto wake umatha kuyambiranso mutauzimitsa. Likatupa mpaka kukankha chivundikiro cha foni, musalitchajenso. Ena amaliboola kuti liphwe; kumeneko n'kuitana moto m'nyumba. Litulutseni panja, muliike m'chitini cha mchenga wouma, pamthunzi, kutali ndi chilichonse chosachedwa kuyaka.

Batire la galimoto kapena la sola nthawi zambiri limakhala ndi mtovu ndi asidi. Linyamuleni chilili, zitsekerero zili zothina, ndipo asidiyo musamukhuthulire pansi. Akatayika, thirani soda wophikira mpaka thovu lisiye, kenako mukolope ndi madzi ambiri. Kuliswa pakhomo kuti mutenge mtovu musayese n'komwe: fumbi lake limawononga ubongo wa ana, ndipo limakhala m'dothi zaka zambirimbiri. Ogulitsa ambiri amalandira lakale mukamagula latsopano.

Batire lililonse musaliwotche, limaphulika. Musaliponyenso m'dzenje kapena m'chimbudzi, chifukwa chikhungwa chake chikachita dzimbiri, mankhwala amatsikira m'madzi apansi. Yang'anani pa batirelo: chithunzi cha bini yothethedwa, kapena zilembo Pb, Cd ndi Hg, zomwe zikutanthauza zitsulo zapoizoni za mtovu, cadmium ndi mercury, zimasonyeza kuti mabatire otere sasakanizidwa ndi zinyalala zina. Funsani kusitolo ya zamagetsi kapena ku ofesi yoona za zinyalala komwe amawasonkhanitsa. Kumafakitale amachotsamo mtovu, zinki, nickel ndi cobalt n'kuzigwiritsanso ntchito. Popita nawo, mtundu uliwonse ukhale m'thumba lakelake, ndipo lotupa kapena lodontha muwauziretu olandirawo musanalipereke.