Momwe mungapangire sensa ya faiba yoyezera refractive index ndi timibulu ta golide

Kuwala kukamadutsa mu faiba (kaulusi kagalasi kodutsitsa kuwala), kwina pang'ono kumasuzumira kunja kwa core, mtima wa faiba momwe kuwalako kumayenda. Ndiye mukaivula faibayo n'kuimata timibulu ta golide tating'ono kwambiri tosaoneka ndi maso, timibuluto timameza kuwala kobiriwira kwa cha pa 520 nm, ndipo kamezedwe kake kamasintha malinga ndi refractive index ya madzi omwe mwaviikamo, nambala yosonyeza momwe madziwo amapindira kuwala. Sensa yake ndi yomweyo basi.

Pezani faiba ya galasi ya multimode (ya core yonenepa), core ya 200 µm, yokutidwa ndi pulasitiki. Ija ya intaneti musavutike nayo, core yake ndi ya 9 µm, mungolira nayo. Dulani kachidutswa, chotsani pulasitiki pakati masentimita awiri, kenako pamoto wa kalaita ipindeni ikhale ngati U. Zithyoka zingapo, musadandaule. Tsukani ndi piranha, ija yosakaniza sulfuric acid ndi hydrogen peroxide, koma izi mu fume hood (kabati ya mu lab yokoka mpweya woipa) chonde, magolovesi ndi magalasi kumaso, si zakukhitchini. Kenako viikani mu APTES (mankhwala omatira golide pagalasi) ya 1% mu ethanol kwa mphindi zochepa, tsukuluzani, muumitse mu uvuni cha pa 100 °C.

Tsopano golideyo, apa ndi pomwe ine ndinapsa. Ndinaphika ndekha njira ya Turkevich ija ya 1951, kuwiritsa gold chloride n'kuthira sodium citrate, chikasu chija chinazimiririka, kenako kuda, mapeto ake kufiira ngati vinyo, ndinasangalala heavy. Chifukwa magetsi amangothimathima ndinati ndiike botololo mu filiza lisatenthe. M'mawa ndikalisungunula ndapeza madzi oyera mbuu, pansi tinthu takuda tadikha. Timibulu tikaundana ndi ayisi timagwirana ndipo sitibwereranso, kugwedeza kaya kutenthetsa n'kutaya nthawi. Ndiye gold chloride mtengo wake ndi wowawa, kabotolo ka galamu imodzi umachita kukapempherera. Sungani mu filiji wamba pa 4 °C, osati filiza. Mabotolo akhale otsukidwa bwinobwino, kamchere pang'ono chabe kakwanira kuti zisanduke buluu. Ogulitsa ena pa intaneti amatumiza zophikaphika kale zitafika pepo, zotero musalandire, zinagwirana m'njira.

Golide akakhala wofiira bwino viikani ka U kaja, muzionera kuwala kukutsika, kukasiya kutsika chotsani n'kutsukuluza.

Poonera kuwalako, mbali ina ya faiba ikani LED yobiriwira, inayo photodiode (kachipangizo komva kuwala) ndi Arduino (kakompyuta kowerenga manambala), spectrometer (makina oyeza kuwala kwa mtundu uliwonse) ngati lab yanu ili nayo ndi bwino kwambiri. Poyesa ingogwiritsani shuga wa m'golosale: refractive index ya madzi okha ndi 1.333, shuga wa 10% ndi pafupifupi 1.348, wa 20% ndi 1.364. Yambani ndi wochepa, tsukuluzani faiba musanayese wotsatira, lembani manambala mujambule graph. Makapu onse akhale kutentha kofanana, ndipo faibayo imateni ndi tepi patebulo isamagwedere, ikangosuntha muyambiranso.