Kuzungulira ku nyanja pa njinga kuchokera mu Blantyre, mmene mungayendere pagulu

Anzanga ambiri akhala akundifunsa kuti ulendo wa ku nyanja uja timauyenda bwanji pa njinga, nde ndati ndingofotokoza kamodzi. Timanyamukira ku Limbe, kutenga M3 kudutsa Zomba, Liwonde, Ulongwe mpaka pa Mangochi, kenako M10 ya ku Monkey Bay, pobwerera timadzera ku Golomoti, M5, basi nkulowa M1 kudutsa pa Chingeni mpaka ku Zalewa. Zonse pamodzi ndi makilomita opitirira 500, muwagawe masiku 6 limodzi likhale lopumula.

Nyengo yabwino ndi June kapena July. Okutobala musayerekeze, ku Liwonde ndi ku Mangochi dzuwa lake limaswa mtengo. Koma dziwaninso kuti miyezi yozizirayi ndi ya mwera, mphepo yochokera kummwera, popita imakukankha kumsana umangomva kukoma, pobwerera ndi yomweyo ikukumenya pamaso tsiku lonse. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa, amathera mphamvu popita poti Blantyre ili pamtunda nyanja ili kumunsi, kuyiwala kuti chitunda chonsecho adzachikwera tsiku lomaliza miyendo itatopa kale.

Njinga ipite kwa amakaniko sabata imodzi ulendo usanafike, osati dzulo lake. Aone mabuleki, tcheni ndi masipoko. Mabuleki ndikunenetsa chifukwa cha mtsetse wa ku Machinga musanafike pa Liwonde, ndi wautali ndipo uli ndi makona. Aliyense akhale ndi helemeti, machubu 2, zomatira, mabotolo 2 a madzi ndi mapaketi a Thanzi ORS, pampu ikhoza kukhala imodzi pa anthu atatu. Ndalama ina ikhale ya m'thumba, si pena paliponse pomwe mupeze ejenti wa Mpamba kapena Airtel Money ali ndi kashi.

Pamsewu yendani mondondozana kumanzere, osati awiriawiri ngati mukupita ku ukwati, maminibasi ndi mathiraki sakupatsani malo. Wamphamvu akhale kutsogolo kutchinga mphepo, muzisinthana, wina wamphamvunso akhale kumbuyo kwenikweni ndi pampu ndi masipanala, ameneyo sadutsa munthu olo zitavuta bwanji. Wakutsogolo akaona dzenje aziloza ndi dzanja, mbuzi kapena wakabaza azikuwa onse amve. Nyamukani kukangoyera, pofika 11 mukhale pamthunzi, mdima usakupezeni pamsewu.

Mukadutsa pa Mangochi musathamange. Cha ku Nkopola nyanja imayamba kuoneka pakati pa milambe, amayi ayanika usipa pamathandala, anyamata akukweza chambo m'mwamba kuti mugule, imani ndithu mudye. Tsiku lopumula likhale ku Cape Maclear, kumeneko ndi mu Lake Malawi National Park yomwe UNESCO inayiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Kanjira kolowera kali ndi zitunda koma nkakafupi. Gonani mu neti, ndipo musasambe m'malo a bango pomwe madzi sayenda, likodzo limakhala momwemo.

Tsiku lomaliza idyani nsima yokwanira usiku wake. Mukaoloka Shire pa Zalewa msewu umayamba kukwera pang'onopang'ono kudutsa Mdeka, Lirangwe mpaka Lunzu. Ulendo wathu wapitawu mnyamata wina miyendo inamukokana tisanafike pa Lirangwe, anangotsika nkukhala pansi milomo ili gwa, mbuu, madzi anali atamuthera kalekale koma amachita manyazi kunena. Tinaima tonse pansi pa mtengo, tinamusungunulira Thanzi, mayi wina wogulitsa thobwa anatipatsa mkeka kuti agonepo, patatha ola anakweranso ndipo tinamuika wachiwiri pamzere kuti mphepo isamupeze. Nde pa Zalewa paja musangodutsa, dzadzani mabotolo onse, gulani nthochi ndi chips cha pachiwaya, ndipo wakumbuyo uja agwedeze botolo la aliyense ndi dzanja lake musananyamuke.