Mukaona 1404/05/10 pa katundu wochokera ku Iran musadabwe

Ngati mwagula zipatso za kanjedza kapena tiyi wochokera ku Iran ndipo paketi yalembedwa 1404/05/10, musathamangire kutaya poganiza kuti ndi zakalekale. Anzathuwa ali ndi kalendala yawoyawo yotsata dzuwa, ndipo chaka chawo chimayamba pa 20 kapena 21 Malichi, tsiku la Nowruz.

Amayamba kulemba chaka, kenako mwezi, tsiku kumapeto. Nambala 05 ija ndi Mordad, mwezi wachisanu, womwe uli pakatikati pa chilimwe chawo. Umabwera mwezi wa Tir ukatha, ndipo wotsatira wake ndi Shahrivar. Mwezi wa Mordad uli ndi masiku 31 ndipo umayamba pa 22 kapena 23 Julaye. Kuti mupeze chaka cha pa kalendala yathu, pa chaka chawocho ingowonjezerani 621. Choncho 10 Mordad 1404 ndi 1 Ogasiti 2025. Koma deti likakhala pakati pa Januwale ndi Nowruz, muwonjezere 622, apa m'pamene ambiri amaphonyera.

Manambala awonso amasocheretsa: ziro ndi kadontho chabe, ۰, pomwe 5 amaoneka ngati mtima wozondoka, ۵.

Ndipo ngati ulendo wanu wa ku Iran wagwera mu Mordad, juzi yanu ya Julaye isiyeni kunyumba. Ku Ahvaz, mzinda wina wa ku Iran, kumatentha mpaka kufika madigiri 50 nthawi zina.