Momwe Mungayendere Malo Akale a ku Tete pa Tchuthi cha Khirisimasi

Ife a ku Angónia timaudziwa mzinda wa Tete ngati kokatenga mapepala a boma kapena kokazonda wodwala. Tikangotsika chapa (minibasi), thukuta lili kamukamu, timayamba kale kufunsa nthawi yobwerera kumtunda kozizira. Chaka chatha sukulu zitatsekera, ine ndi mayi a kunyumba tinatenga ana athu awiri ndi amalume anga, omwe adutsa zaka 75, n'kupita kumeneko kukangoona basi. Tinakhalako masiku anayi. Anzanga ambiri ku Ulónguè akhala akundifunsa kuti tinayenda bwanji, ndiye nazi.

Choyamba, pezani wachikulire woti mupite naye

Izi zichitike musanawerenge n'komwe ndalama. Chipupa chakale sichilankhula, amalankhula ndi munthu amene anachiona chikumangidwa kapena anamva kwa makolo ake. Amalume anga anasenzako simenti ku Songo ali mnyamata, nthawi imene damu la Cahora Bassa linkamangidwa, koma kwa zaka zonsezi sanatiuzepo zambiri. Ndinapita kwawo, ndinakhala pansi, n'kunena kuti, "Malume, tiyeni mukationetse kumene munagwira ntchito, adzukulu anuwa akaone." Anayamba akana, ati miyendo. Patapita sabata ananditumizira mawu kuti nsapato zawo zakonzedwa.

Ngati kwanu kuli agogo kapena azakhali amene anaona nthawi ya Apwitikizi, apempheni. Mukhale okonzeka kuyenda pang'onopang'ono, ndipo achikulirewo muwapezere mpando wakutsogolo m'chapa.

Sankhani masiku

Tete ndi wotentha, si nthabwala. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40, ndipo mu Disembala mvula imangochepetsako pang'ono kwinaku ikuwononga misewu yafumbi. Kwathu ndi nthawi yopalira ndi kuthira feteleza, choncho malizani kumunda kaye kapena siyani munthu wodalirika. Nyamukani pa 25 Disembala pasanafike, chifukwa tsiku la banjali likayandikira machapa amadzaza ndipo mitengo imakwera. Ife tinakonza kuti pa 16 Disembala patipeze tili kumeneko, chifukwa chake ndinena kutsogoloku.

Za m'thumba ndi za m'chikwama

Aliyense wamkulu atenge BI yake (chitupa cha unzika), ana zikalata zawo zakubadwa, poti apolisi amaimitsa pamsewu. Wachibale wochokera ku Dedza kapena ku Mwanza adinditse mapepala ake pachipata cha Calómuè kapena cha Zóbuè, asadalire njira za m'munda zimene timayenda popita kumaliro. Ndalama zina ikani pa M-Pesa kapena e-Mola, koma mukhalenso ndi mameticais ang'onoang'ono m'manja, kumidzi netiweki imathawa. Madzi akumwa ambiri, zipewa, neti yoteteza ku udzudzu, kope ndi cholembera. Kuchokera ku Ulónguè kudzera pa Mussacama ndi Moatize ndi makilomita oposa 200, ndiye kwerani chapa cha m'bandakucha.

Tsiku loyamba, mumzinda

Masana pumulani. Dzuwa likapendeka kwerani txopela (takisi ya mateyala atatu) mpaka pa mlatho wa Samora Machel, muuwoloke wapansi. Unatha kumangidwa mu 1973, ndipo anaujambula ndi katswiri wachipwitikizi Edgar Cardoso. Ana anga anali asanaonepo Zambezi, wamng'onoyo anagwira dzanja la amayi ake osalisiya mpaka tsidya. Magalimoto olemera masiku ano amadutsa pa mlatho wa Kassuende, umene unatsegulidwa mu 2014. Pafupi ndi mtsinje pali linga lakale ndi tchalitchi cha São Tiago Maior, ola limodzi likukwanirani. Madzulo idyani nyama yambuzi yowotcha, mbuzi ya ku Tete ili ndi mbiri pa chifukwa.

Boroma

Mishoni ya Boroma ili pafupifupi makilomita 25 kuchokera mumzinda, kumtunda kwa mtsinje. Anaiyambitsa ndi ansembe Achijezuwiti chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo tchalitchi chake chili paphiri, chikuyang'ana Zambezi. Akatolika a kwathu adzamva ngati afika kwa achibale, chifukwa ansembe a chipani chomwecho ndi amenenso anatsegula mishoni ya Lifidzi ku Angónia patapita zaka zingapo.

Pitani m'mawa kwambiri, ndipo funsani oyendetsa galimoto za msewu ngati kwagwa mvula usiku. Mukafika musangoyamba kujambula. Pezani woyang'anira tchalitchi kapena katekisiti, mupereke moni, munene kumene mwachokera. Anthu a kuno amalankhula Chinyungwe, koma mukalankhula Chichewa modekha mumvana zambiri. Musiyepo kangachepe kothandizira kusamala nyumbayi, yakalamba ndipo ikufuna manja.

Wiriyamu, apa musafulumire

Kum'mwera kwa mzinda kuli Wiriyamu. Pa 16 Disembala 1972 asilikali achipwitikizi anapha anthu wamba pafupifupi 400 m'mudzi umenewu ndi midzi yoyandikana nayo monga Chaworha ndi Juwau, powaganizira kuti ankathandiza Frelimo. Munali amayi, makanda ndi nkhalamba. Ansembe ndi amene anasonkhanitsa maumboni, ndipo mu Julaye 1973 bambo Adrian Hastings anaulula nkhaniyi m'nyuzipepala ya The Times ku London. Dziko la Portugal linadzapepesa mu 2022, kudzera mwa nduna yaikulu ya nthawi imeneyo António Costa ali ku Maputo. Panali patapita zaka pafupifupi 50.

Pamalopa pali chipilala chachikumbutso. Pitani ngati mukupita kumanda, chifukwa ndi kumanda. Yambani mwaonekera kwa amfumu kapena akuluakulu a m'mudzi, valani modzilemekeza, zimitsani nyimbo. Ana muwafotokozere usiku wake zimene akukaona, mwa mawu oti angamve. Mwana wanga wamkazi, wa zaka 13, anaphunzirapo za Wiriyamu kusukulu, koma atafika anangoti zii. Amalume anavula chipewa, n'kuima nthawi yaitali padzuwa, ife osayerekeza kuwaitana. Pobwerera m'galimoto ndi pamene anayamba kutiuza za mnzawo wa ku Songo amene anatengedwa usiku ndi apolisi achinsinsi a nthawi imeneyo ndipo sanaonekenso. Nkhani imeneyi ngakhale mayi anga, mlongo wawo weniweni, sankaidziwa.

Ndimaona kuti ndi kulakwa kufika ku Tete ndi ana, kuwaonetsa mlatho ndi damu, n'kulambalala Wiriyamu poopa kuwononga chisangalalo cha tchuthi. Ngati masiku ndi ochepa, siyani kwina konse koma kuno mufike.

Songo ndi damu

Songo ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 150 kuchokera mumzinda, ndipo msewu wake umakwera mapiri mokhotakhota, wochita chizungulire akhale pawindo. Kumtundako kumazizirirako, mudzapuma. Damu linayamba kumangidwa mu 1969 n'kutha mu 1974, khoma lake ndi lalitali mamita 171, ndipo linabwerera m'manja mwa Mozambique mu Novembala 2007. Kuti mufike pakhoma penipeni kapena mulowe mkati pamafunika chilolezo cha kampani ya HCB, yoyendetsa damuli, choncho pemphani masiku akadalipo, osati mutafika kale pageti.

Madzi asanatsekedwe, pano panali mathithi oopsa amene anabweza sitima ya David Livingstone mu 1858. Anthu amati dzina la Cahora Bassa m'Chinyungwe limatanthauza pothera ntchito, poti opalasa mabwato ankalekera pomwepa. Amalume anatiloza phiri limene linali ndi misasa yawo, n'kufotokoza momwe ankadyera padera ndi azungu, ndi momwe ankawerengera anzawo madzulo kuona ngati onse atuluka m'mapanga.

Sungani zimene mwamva

Apa ndinalakwitsa ine. Foni yanga inatha moto tili ku Songo, amalume ali pakati pa nkhani, chifukwa ndinaiwala kuitchaja usiku. Chinatipulumutsa ndi kope lija. Mwana wanga analemba zonse, masamba asanu ndi limodzi, Chichewa chosakaniza ndi Chipwitikizi. Inu tchajani foni, pemphani chilolezo kwa wachikulireyo, mujambule mawu ake osati nkhope yokha. Mukabwerera tsukitsani zithunzi zitatu kapena zinayi, kumbuyo kwake mulembe malo, tsiku ndi maina a onse amene alipo.

Musanakwere chapa chobwerera, gulani chicoa, nsomba youma ya m'nyanja ya Cahora Bassa, ndi malambe a ana a aneba. Ife chicoa chathu tinachiphika pa Khirisimasi kwa amalume, ndipo titatha kudya anauza mdzukulu wawo kuti atenge kope lija awawerengere, akonze pamene analakwitsa maina.