Mmene Ndinathetsera Kuphulika kwa Ekizozi pa Galimoto Yakale

Injini ya galimoto yanga yakale inkanjenjemera ikamalira yokha, ndipo ekizozi inkaphulika ndikachotsa phazi pamoto. Ndinayamba kuzula mawaya a mapulagi (tizipangizo toyatsa petulo mu injini) limodzilimodzi ndi pulayala yosadutsa magetsi, injini ikulira, ndipo nditazula waya wachitatu kaliridwe sikanasinthe, zomwe zinasonyeza kuti silinda yake (chipinda cha injini momwe petulo amayakira) sinkagwira ntchito. Pulagi yake inali yonyowa ndi petulo, ndipo waya wake unali wong'ambika moti moto unkathawira pambali. Petulo wosapsayo ndiye ankakayakira mu ekizozi yotentha.

Nditasintha mawaya ndi mapulagi onse, kunjenjemera kunatha, koma kuphulika kunatsalako pang'ono. Mwaye wakuda pamene ekizozi imalumikizana ndi injini unandisonyeza gasiketi (chotsekera mpata pakati pa zitsulo ziwirizo) yopsa yomwe inkalowetsa mpweya. Nditaika yatsopano, phokosolo linatheratu.